Kanema wa Mnyamata wa ku Wimbe

M'chaka cha 2019 kunatuluka kanema wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, ndiko kunena mnyamata amene anagwiritsa mphepo ntchito. Nkhani yake ndi ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, loyandikana ndi Mchinji. Pa njala ya 2001 ndi 2002 William analeka sukulu chifukwa chosowa ndalama, koma anapitiriza kuwerenga mabuku, ndipo anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi ndi zitsulo zotayidwa pamodzi ndi njinga ya atate wake.

Anakonza kanemayu ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria. Iye anatenga nkhaniyi m'buku limene William analemba ndi Bryan Mealer mu 2009. Anabwera kudzajambula ku Wimbe komweko, ndipo anafuna kuti mawu ambiri akhale a Chichewa. Pamenepa anachita bwino. Munthu wa ku Mkanda kapena ku Kamwendo akamaonera, aona zake zenizeni: minda ya chimanga, nkhokwe zopanda kanthu, Gule Wamkulu pa maliro, ndi mnzere wa anthu olimbirana chimanga.

Koma mtima wa kanemayu uli m'banja. Njala itakula, banja la a Trywell liyamba kudya kamodzi pa tsiku. Mwana wamkazi athawa ndi mphunzitsi kuti pakamwa pachepe pakhomo. Tsono William apempha njinga ya atate wake kuti aidule, ndipo atatewo akana ndi ukali, pakuti njingayo ndicho chuma chokha chatsala. Kholo lililonse lidziwa kulemera kwa chinthu chotere. Mkulu kumvera mwana n'kovuta, makamaka pamene m'mimba muli njala. Mbali imeneyi inaseweredwa mokhudza mtima.

Zolakwa zilipo ziwiri. Choyamba ndi lilime. Ejiofor, amene anasewera ngati a Trywell, sanakule ndi Chichewa. Maxwell Simba, amene ali William, ndi wa ku Kenya, ndipo Aïssa Maïga, amene ali mayi, anabadwira ku Senegal. Onsewa anayesetsa kuphunzira, koma mawu awo atuluka mopotoka. Anthu a kunja anayamika kanemayu kwambiri pamene anaonetsedwa ku Sundance ku America, ndi pa Netflix kuyambira pa 1 March 2019, chifukwa iwo ankawerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Amalawi ambiri anakondwa kuona dziko lawo, komabe anadandaula kuti Chichewacho n'chachilendo. Lily Banda, Mmalawi amene ali mlongo wa William, akatsegula pakamwa, kusiyanako kumveka msanga.

Chachiwiri ndi kusowa kwa nthabwala. Achewa saleka kuseka ngakhale pa zovuta. Pa maliro pomwe adzukulu amaseketsa anamfedwa. Banja la m'kanemayu likhala lokwinya nkhope pafupifupi nthawi yonse, motero lioneka ngati banja loonedwa ndi maso a mlendo wachifundo.

Owerenga adziwenso kuti kanema si mbiri yeniyeni. M'kanema makinawo atunga madzi n'kupulumutsa mbewu, pamene makina oyamba a William anangoyatsa magetsi m'nyumba. Zotunga madzi zinadza pambuyo.

Ku India, anthu olankhula Chimarathi akhala akupanga makanema olankhula chinenero chawo kuyambira mu 1932, ndi osewera akwawo, ngakhale kuti makanema a Chihindi ndiwo otchuka. Ku Malawi nako Shemu Joyah ndi Joyce Mhango Chavula aonetsa kuti ntchitoyi itheka. Kanema wa mnyamata wa ku Wimbe ngoyenera kuonera, makolo ndi ana pamodzi. Koma nkhani ya banja la Achewa idzakoma koposa ikadzanenedwa ndi amene anayamwa Chichewa.