Mphika Wodutsa Pakati pa Mafuwa

Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira fizikisi pa National University of Science and Technology kuno ku Bulawayo, anabwera ndi mapepala anayi opanidwa ndi kawaya pakona. Tinali pakhonde ku Sizinda, dera lomwe makolo athu ambiri ochokera ku Nyasaland anafikira atapeza ntchito ya njanji. "Amalume, muwerenge iyi," anatero, "mudzandiuze ngati mkuluyu akunena zoona." Inali nkhani ya Philip Anderson yotchedwa More Is Different, imene inatuluka m'magazini ya Science pa 4 Ogasiti 1972. Mutu wake ukutanthauza kuti zinthu zikachuluka zimasanduka zina. Ndaiwerenga kasanu tsopano, ndipo ulendo uliwonse ndimaima pamalo awiri omwewo.

Anderson akuyamba ndi kuvomera zimene omutsutsa amanena. Mwala, mbuzi ndi ubongo wa munthu, zonsezi zimamvera malamulo ochepa omwewo amene amalamulira tinthu ta m'kati mwa atomu. Pamenepo sakukangana ndi munthu. Chimene akukana ndi ulendo wobwerera. Ukagumula nyumba n'kupeza kuti inali njerwa ndi dothi, njerwazo sizingakuuze komwe khomo linayang'ana. Mawu ake ndi odekha, koma kuwawidwa mtima kukumveka pansi pake. Iye ankagwira ntchito ku Bell Laboratories, kufufuza zitsulo, maginito ndi zinthu zina zogwirika ndi manja, pa nthawi imene akatswiri ena ankati sayansi yozama ndi ya m'kati mwa atomu ndi ya nyenyezi basi, otsalawo akungokunkha m'munda wokolola kale. Patapita zaka zisanu, mu 1977, analandira mphoto ya Nobel.

Kenako pakubwera makwerero ake otchuka aja: kemisitiri imamvera fizikisi, sayansi ya zamoyo imamvera kemisitiri, mpaka kukafika pa maganizo ndi chikhalidwe cha anthu, koma sitepe iliyonse imafuna nzeru zakezake. Owerenga ambiri amathera pomwepa. Ine ndimadutsapo msanga, chifukwa apa akungonena chabe, umboni ukadali kutsogolo.

Poyamba pamene ndimaima ndi pa amoniya, mpweya wolasa m'mphuno uja timaumva m'khola la nkhuku likakhala masiku osasesedwa. Molekyulu yake ili ndi maatomu atatu a haidrojeni ndi imodzi ya naitrojeni. Taganizani za mafuwa atatu, mphika uli pamwamba. Anderson akusimba kuti ali wophunzira nkhaniyi inamuzunguza mutu. Akatswiri a kemisitiri ankati mphikawo umakhala mbali imodzi ya mafuwa. Mphunzitsi wake wa fizikisi ankati kanthu kokhazikika sikangasankhe mbali, poti lamulo silikondera kumwamba kapena kunsi. Onse ankanena zoona. Naitrojeni imadutsa pakati pa mafuwawo n'kukatulukira kunsi, n'kubwereranso, osakumba, osaswa kanthu. Anderson akuti izi zimachitika pafupifupi ka 30 biliyoni pa sekondi imodzi. Muyeso wosamalitsa umapereka pafupifupi 24 biliyoni, ndipo kugwedezeka komweku ndi kumene Charles Townes ndi anzake anagwiritsa ntchito popanga chipangizo choyamba chotchedwa maser mu 1954. Molekyulu ikakhazikika, mphika uli uku ndi uku mofanana. Kufanana kwa mbali ziwiri kotereku ndiko asayansi amakutcha symmetry.

Tsono taonani mmene akusenzetsera mfundo yake katundu, pang'onopang'ono. Chotsani naitrojeni muikepo phosphorus, yemwe ndi wolemererapo: kutembenuka kuja kumachepa. Chotsaninso haidrojeni muikepo fluorine: kutembenuka sikuonekanso, ngakhale lamulo likulola. Akafika pa shuga, nkhani yatha. Shuga wa nzimbe ali ndi maatomu 45 mu molekyulu imodzi, ndipo sadzatembenuka kukhala chithunzi chake cha pagalasi ngakhale mutadikira mpaka liti. Wopangidwa ndi zamoyo amapotokera mbali imodzi nthawi zonse. Wa ku Nchalo, wa ku Dwangwa ndi wa ku Triangle, onse akasungunulidwa m'madzi amapotoza kuwala kumanja, ndipo mafakitale a shuga amayeza kutsekemera kwa nzimbe ndi chida chotchedwa polarimeter, chimene chimawerenga kupotoka komweku. Mlimi wa nzimbe amalipidwa potengera mbali imene chilengedwe chinasankha kalekale.

Chimene chimandigwira mtima m'ndime zimenezi ndi chakuti Anderson sanabweretse lamulo latsopano ngakhale limodzi. Kuyambira pa amoniya mpaka pa shuga lamulo ndi lomwelo, losakondera. Chasintha ndi kulemera ndi kuchuluka basi, ndipo njira yobwerera yatsekeka. Mwala wa ku Matobo umene unagudubuzikira kum'mawa sudzadzuka kuti ukayesenso kumadzulo. Uku ndiko kusweka kwa symmetry: lamulo lilibe mbali, koma chinthu chomvera lamulolo chili ndi mbali.

Mwana wa mlongo wanga uja atabweranso ndinamuuza kuti amoniya wandikhutiritsa. Iye anaseka n'kunena kuti mphika wangawo lero amautcha qubit, kanthu kokhala ndi makhalidwe awiri, kamene kangathe kukhala m'onse awiri nthawi imodzi. Liwuli linafala ndi nkhani ya Benjamin Schumacher ya mu 1995, choncho mwa Anderson mulibe, koma chinthucho chilimo.

Pachiwiri pamene ndimaima ndi chakumapeto, pa ndime imene ambiri amailumpha. Atatha kukamba za makhiristo, maginito ndi DNA, Anderson akuti mwa zamoyo muli dongosolo linanso, la m'nthawi, lobwerezabwereza ngati kugunda. Akuonanso kuti makina otenga mphamvu kunja kuti azigwirabe ntchito, monga majenereta, amayenda mozungulira chomwecho. Apa liwu lake lasintha. Pa amoniya amalankhula ngati mwini munda, pano akulankhula ngati munthu wosuzumira kuseri kwa mpanda. Zitsanzo zake zamphamvu zonse ndi za zinthu zimene zimasankha mbali n'kukhala phee. Za chinthu chosankha mbali n'kumathamangabe, akungoloza ndi chala.

Chinenero chathu chingatithandize kuona chimene chinasowa. Tili ndi kachidutswa ka mneni kakuti -ana. Kukankha, kukankhana. Kukoka, kukokana. Lamulo lachitatu la Isaac Newton, la mu 1687, ndi lamulo la -ana: ukakankha khoma, nalonso likukankha ndi mphamvu yofanana. Maatomu a mu shuga ndi a m'maginito amakokana motere, n'chifukwa chake amatha kupeza pogonera onse n'kukhazikika. Koma galu ndi kalulu sathamangitsana. Galu amathamangitsa, kalulu amathawa. Wina akufuna kufupika, wina akufuna kutalikira, ndipo palibe malo amene onse awiri angakhutire nawo. Newton sanalakwe ayi, poti nthaka imene akupondapo ndi chakudya chimene anadya zimalipira zotsalazo. Koma ukayang'ana awiriwo okha, -ana wachoka.

Mu 2021 Michel Fruchart, Ryo Hanai, Peter Littlewood ndi Vincenzo Vitelli a ku yunivesite ya Chicago anasindikiza m'magazini ya Nature masamu a zimenezi. Tengani magulu awiri a timivi. Gulu loyamba likufuna kuloza komwe lachiwiri likuloza, lachiwiri likufuna kuloza kosemphana ndi loyamba. Kusagwirizanaku kukakula, timivi tonse timayamba kuzungulira osaleka. Kuzungulira cha kumanja kapena cha kumanzere? Lamulo silinena. Khamulo limasankha lokha, monga muja anachitira shuga, koma tsopano chosankhidwacho ndi mayendedwe. Ndime yamanyazi ija ya 1972 inadikira zaka 49 kuti ipeze chitsanzo choyera chotere.

Kubweretsa izi kwa maqubit n'kovuta, chifukwa maqubit awiri otsekeredwa okha amakhudzana mwa -ana nthawi zonse. Kuti wina amve mnzake koma mnzakeyo asamumve, pamafunika mthenga woyenda njira imodzi, monga kuwala kodutsa m'kanjira kosalola kubwerera, kenako n'kutayikira kunja. Mu 2025 akatswiri a ku yunivesite ya Basel ku Switzerland anaonetsa m'magazini ya Physical Review X, mwa masamu, kuti magulu awiri a maqubit olumikizidwa motere angalowe m'liwiro lomweli la wothamangitsa ndi wothawa. Chondisangalatsa n'chakuti funso la amoniya labwereranso. Maqubit akakhala ochepa, gulu limazungulira mbali ina kwa kanthawi kenako n'kutembenukira ina, ndipo ukaphatikiza zonse pamodzi mbali ziwirizo zimafanana. Akachuluka, kutembenuka kumasowa. Amene akufuna kuona mbali yosankhidwa ayenera kutchera khutu ku kuwala kotayikira kuja mosalekeza, ulendo umodzi pawokha. Chitseko chomwe chachotsa -ana ndi chomwenso woyeza amasuzumirapo.

Apa ndiye pali chimene ndimamudandaula Anderson. M'masamba onse anayi woyeza saoneka kwenikweni. Shuga wangopotoka, maginito angoloza, ngati kuti kuona n'kwaulere. Pa zinthu zazikulu zilibe kanthu, polarimeter siisintha shuga. Koma pa maqubit ochepa kuyeza kumagwedeza choyezedwacho, ndipo funso lakuti gulu lasankha liti silingasiyanitsidwe ndi funso lakuti ukulimvetsera bwanji. Nkhani ya 1972 ikudumpha kuchoka pa molekyulu imodzi kukafika pa khamu losawerengeka. Pakati pamenepo, pa makumi ndi mazana, ndi pamene ntchito yambiri ya lero ili.

Mathero ake nawonso sandikhutiritsa. Akutseka ndi Karl Marx komanso kamacheza ka F. Scott Fitzgerald ndi Ernest Hemingway kokhudza anthu olemera. N'kosangalatsa, koma kwachititsa kuti anthu azinyamula mutu wa nkhaniyi ngati mwambi, kuupaka pa chuma, ndale ndi chilichonse, osawerenga za amoniya. Pomwe Anderson anatsimikizira mfundo yake ndi pa maatomu anayi aja, ndipo pamwamba pa makwerero anangolosera.

Funso la mwana wa mlongo wanga ndinaliyankha motere: mkuluyu akunena zoona, ndipo pomwe akuoneka wosatsimikiza ndi pomwe anaona patali kwambiri. Inu amene mukuphunzira fizikisi kuno ku Bulawayo, ku Zomba kapena ku Mzuzu, ipezeni nkhaniyi, ndi masamba anayi okha. Musathamangire makwerero. Jambulani mafuwa atatu ndi mphika wake m'kope mwanu, kenako muwerenge kawiri ndime ya nthawi ija.