Dontho la magazi pa galasi

Munthu amene wamaliza kumwa mankhwala a malungo a LA koma thupi lidakali lofooka amakhala ndi funso lovuta. Mutu ukuwawabe, chizungulire chikubwerabwera, nsima siikulowa. Kodi malungo sanathe, kapena ndi mankhwala omwewo, popeza LA nayenso amatha kuyambitsa chizungulire ndi kuchotsa chilakolako cha chakudya? Kachipangizo koyezera mwachangu kaja, kamene kamaonetsa timizere tiwiri, sikangamuyankhe bwino. Kamafufuza puloteni yotchedwa HRP2 imene tizilombo ta malungo timatulutsa, ndipo puloteni imeneyi imatha kutsalira m'magazi kwa milungu ingapo tizilomboto titafa kale. Amene angamuyankhe ndi katswiri wa ku labotale, yemwe amayala magazi pa kagalasi n'kuwayang'ana pa maikulosikopu.

Ntchito yake imayambira pa chala. Amasankha chapakati kapena chovalako mphete, n'kuchitikita pang'ono kuti magazi atsikire kunsonga. Akapukuta ndi thonje la sipiriti amadikira kuti paume, chifukwa pakhungu ponyowa magazi amangoyenderera osapanga dontho. Amabaya chakumbali kwa nsonga, ndipo dontho loyamba amalichotsa ndi thonje louma. Sakama chalacho mwamphamvu. Kufinya kwambiri kumatulutsa madzi a m'mnofu amene amasungunula magazi.

Pa galasi limodzi amayala magazi mitundu iwiri. Woyamba ndi wochindikala: timadontho tiwiri kapena titatu, timene amatizunguliza ndi ngodya ya galasi lina mpaka tipange kabwalo ka sentimita imodzi. Muyeso wake ndi wosavuta koma wanzeru. Akaika galasilo pamwamba pa nyuzipepala magazi asanaume, zilembo ziyenera kuoneka mwachizimezime. Zikabisika zonse ndiye kuti wachindikalitsa, ndipo magaziwo adzayobokapo potsuka.

Mtundu wachiwiri, wopyapyala, ndi umene umasonyeza kuti dzanja lazolowera. Amaika kadontho kamodzi, n'kutenga galasi lina la m'mphepete mosalala, kulipendeketsa, kulibwezera m'mbuyo mpaka likhudze dontholo. Amadikira kamphindi kuti magazi ayende okha m'mphepete mwa galasilo. Kenako amakankhira kutsogolo kamodzi kokha, osaima, osanjenjemera. Magazi amatsatira m'mbuyo mwa galasi lokankhalo, akumapyapyala pang'onopang'ono, mpaka kumapeto maselo ofiira agona limodzilimodzi osasanjikizana. Kuimika kwambiri galasi lokankhalo kumapangitsa kuti mzere ukhale waufupi ndi wochindikala. Kuchedwa pang'ono, magazi aundana. Zonsezi zimachitika m'masekondi ochepa, ndipo katswiriyo amazichita akulankhula ndi wodwala kuti agwire thonje pachala.

Amalemba nambala ya wodwala ndi pensulo, poti inki ingasungunuke mu utoto, n'kugoneka galasilo pamalo athyathyathya, ovundikira. Ntchentche ndi nyerere zimadya magazi ouma, fumbi nalo limadzaoneka pa maikulosikopu n'kusokoneza maso.

Chotsatira chimandidabwitsa kuposa zonse. Mbali yopyapyala amainyowetsa ndi methanol, mankhwala amene amaumitsa maselo kuti asasinthe maonekedwe. Mbali yochindikala saikhudzitsa methanol ngakhale pang'ono, ndipo amapendeketsa galasi kuti ngakhale mpweya wake usafikeko. Amachita dala. Akufuna kuti madzi a mu utoto aphulitse maselo ofiira a mbali imeneyo, kufiira konse kuchoke, kutsale maselo oyera ndi tizilombo poyera. Motero diso limatha kupyola magazi osanjikizana kambiri n'kupeza tizilombo ngakhale tili tochepa. Mbali yopyapyalayo, kumene maselo adakali athunthu, ndiyo imasonyeza mtundu wa kachilombo ndi mmene kakhalira m'kati mwa selo.

Utoto wake umatchedwa Giemsa, dzina la Gustav Giemsa amene anaukonza ku Hamburg cha m'ma 1904. Sausungunula ndi madzi wamba a pampopi. Madziwo amafunika kukhala pa pH 7.2, muyeso wosonyeza kuti alibe asidi wambiri komanso sali amchere kwambiri ngati madzi a phulusa. Akapendekera ku asidi, zonse zimaoneka zofiirira. Akapendekera mbali inayo, zonse zimada ndi buluu, ndipo kachilombo kamabisala. Akasakaniza gawo limodzi la utoto ndi magawo 9 a madzi, galasi limakhala mmenemo mphindi 10 kapena kupitirira pang'ono. Potsuka amathira madzi mofatsa chakumbali, osalunjika pa magazi, kenako amaimika galasilo kuti liume lokha.

Pa maikulosikopu amadontheza kadontho ka mafuta apadera pa magaziwo n'kutsitsa diso la makinawo mpaka likhudze mafutawo. Mafutawa amaletsa kuwala kumwazikana pakati pa magalasi awiriwo, ndipo chinthu chimakula ka 1,000. Tayang'anani manja ake: lina likuyendetsa galasi pang'onopang'ono, lina silichoka pa kachitsulo kowongolera, likupotokola uku ndi uku kuti aone pamwamba ndi pansi pa magazi. Alphonse Laveran anaona tizilomboti koyamba mu 1880 ku Constantine, m'dziko la Algeria, m'magazi opanda utoto uliwonse. Lero utoto umathandiza, koma chogamula ndi diso lomwelo la munthu.

Chimene akufuna ndi kamphete kakang'ono kabuluu kokhala ndi kadontho kofiira. Zonse ziwiri ziyenera kukhalapo. Kadontho kofiira kokha kangakhale kanyenyeswa ka utoto, ndipo timaselo tothandiza magazi kuundana timanyenga ongoyamba kumene ntchito. Timphete tambiri tating'onoting'ono, nthawi zina tiwiri m'selo limodzi, timaloza ku Plasmodium falciparum, mtundu umene umadwalitsa anthu ambiri m'Malawi muno ndiponso woopsa kuposa ina. Asanalembe kuti sanapeze kanthu, amayenera kuyendera malo osachepera 100 pa galasilo, limodzi ndi limodzi. Kulemba kuti palibe kumafuna nthawi yaitali kuposa kulemba kuti alipo.

Akatipeza amatiwerenga. Amagwira tizipangizo tiwiri todina ndi chala, kena ka tizilombo, kena ka maselo oyera, n'kuwerenga mpaka maselo oyera akwane 200. Potengera kuti m'maikulolita imodzi ya magazi, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a mililita, mumakhala maselo oyera pafupifupi 8,000, amachulukitsa. Tizilombo 400 pa maselo 200 ndiye kuti 16,000 m'maikulolita. Nambala imeneyi imauza dokotala kukula kwa matenda, ndipo akayezanso mawa lake amaona ngati mankhwala akugwira.

Kwa wodwala amene wamaliza LA, pali chinthu chimodzi chimene diso lokha lingasiyanitse. Nthawi zina pa galasi pamaoneka tizilombo topindika ngati nthochi. Amenewa ndi magametosaiti, amene amangodikira kuti udzudzu uwayamwe. Sadwalitsa munthu, ndipo amatha kukhalapobe mankhwala atagwira bwino ntchito. Katswiri amawalemba padera. Akaona timphete tija, ndiye kuti malungo alipodi ndipo dokotala aganizire mankhwala ena. Akapanda kuona kanthu, kufookako kungakhale kwa mankhwala, kwa kuchepa kwa magazi kumene malungo amasiya, kapena kwa matenda ena amene ayenera kufufuzidwa.

Ngati thupi latenthanso patangopita masiku kapena milungu yochepa mutamaliza LA, musagule wina pagolosale. Bwererani kuchipatala ndi buku lanu, nenani tsiku limene munamwa mankhwala omaliza ndiponso ngati munasanzapo, ndipo pemphani kuti magazi anu akaonedwe pa maikulosikopu.