Maloto a Graham Greene achita kusalala

Ndangomaliza A World of My Own, kabuku ka maloto a Graham Greene komwe kanatuluka mu 1992, mwiniwake atamwalira kale. Njira yake ndaikonda: pensulo ndi pepala pafupi ndi bedi, akadzidzimuka usiku mawu awiri atatu basi, n'kugonanso. Loto lonse ankalilemba kukacha. Ine amene ndimati ndilembe pafoni 3 koloko usiku, n'kuthera pa WhatsApp mpaka tambala kulira, ndachita manyazi.

Komabe sindikukhutira. Maloto akewa achita kusalala, ngati nkhani zoti anakhalira pansi. Loto lenileni silitero ayi, mayi anu amangosanduka aphunzitsi a masamu mukuyankhula nawo. Ndikuganiza kuti Greene wa m'mawa ankakonza zomwe Greene wa usiku analota.