Akazitape atatu, muyeso umodzi

Tikamakamba za akazitape a boma pa wailesi yathu, mafoni amalira kwambiri nkhani ikakhala ya PIDE. Tikafika pa SNASP mafoni amakhala zii. Tikachula SISE anthu amangoseka mowawidwa n'kunena kuti akuluakulu amadziwana. Ine ndikutsutsa kaweruzidwe kameneka, cifukwa tikuyezera colakwa cimodzi ndi mbale zitatu zosiyana.

Za PIDE, imene mu 1969 inasintha dzina n'kukhala DGS, palibe wotsutsa. Pa 16 Dezembro 1972 asilikali a Portugal, ali ndi anthu a DGS, anapha anthu a ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kumwera kwa mzinda wa Tete. Wofufuza mbiri Mustafah Dhada anasonkhanitsa maina 385 a ophedwa. Nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inapepesa ku Maputo mu Setembro 2022, patapita zaka pafupifupi 50. Mkwiyo wathu pamenepa ndi woyenera.

Koma SNASP, yokhazikitsidwa mu 1975, inapatsidwa mphamvu zogwira munthu ndi kumusunga osamufikitsa kubwalo la milandu, ngakhale kumutumiza ku misasa ya reeducação monga M'telela ku Niassa, kumene Uria Simango ndi Joana Simeão anapita osabwerako. Oikira kumbuyo amati inali nthawi ya nkhondo, Rhodesia ndi South Africa zikutizinga, ndipo mako ndi mako usamuone kucepa mwendo. Adaniwo analipodi. Komabe Samora Machel mwini wake, mu Novembro 1981, anadzudzula poyera apolisi, asilikali ndi a SNASP cifukwa comenya ndi kuzunza anthu. Ngati mwini nyumba anaona kuti denga likudontha, ife tikaniranji? Camboko ca m'bale cimapweteka mofanana ndi ca mlendo, mwinanso kuposa, pakuti m'baleyo anabwera atalonjeza ufulu.

Kuno ku Angónia tili ndi bala lathu. Usiku wa 30 Outubro 1985, anthu a mfuti anatenga ansembe awiri aciJezuiti ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi, bambo João de Deus Kamtedza ndi bambo Sílvio Moreira, n'kuwapha. Pambuyo pa pangano la mtendere la ku Roma la 4 Outubro 1992, nyumba ya malamulo inakhululukira milandu ya m'nthawi ya nkhondo. Lamulo limenelo linathandiza kuti amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu abwerere kuminda yawo, ndipo sindilinyoza. Koma linatseka citseko ca ndende cokha. Silinatiletse kufunsa, ndipo mabanja a anthu osowa ali ndi ufulu wodziwa amene analamula ndi kumene mafupa ali.

Tsidya lija anayesako njira ina. Mu Maio 1983 apolisi a Malawi anapha Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga ku Thambani m'boma la Mwanza, n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Boma litasintha mu 1994 panakhala bungwe lofufuza, kenaka mlandu, ndipo mu Dezembro 1995 bwalo linamasula Kamuzu Banda ndi John Tembo. Ambiri anakhumudwa. Komatu bodza la ngozi linafera pomwepo, cifukwa mboni zinayankhula dziko lonse likumva. Phindu limenelo ife sitinalipeze.

SISE, imene inalowa m'malo mwa SNASP mu 1991, inatipweteka ndi colembera. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu ogwirizana nayo, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, anakongola ndalama zoposa madola 2 biliyoni, boma n'kuikapo cikole nyumba ya malamulo isanavomereze. Zitaululika mu 2016, IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo, metikali inagwa, ndipo mlimi wa mbatata wa ku Ulónguè ndi ku Tsangano analipira pogula feteleza ndi sopo. Mu Dezembro 2022 woweruza Efigénio Baptista anagamula kuti Gregório Leão, amene anali mkulu wa SISE, ndi António Carlos do Rosário akhale m'ndende zaka 12. Ena amati n'zokwanira poti sanaphe munthu. Ine ndikuti n'zocepa. Mankhwala akasowa m'cipatala cifukwa boma likubweza ngongole yakuba, pali maliro amene sitidzawawerenga.

Nanga tiweruze bwanji? Muyeso wanga uli ndi mbali zitatu. Coyamba, amene wapatsidwa cinsinsi aweruzidwe mwamphamvu kuposa wakuba nkhuku, cifukwa ife tinavomera kusaona nchito yake pokhulupirira kuti akutiteteza. Caciwiri, mkwiyo ukwere pamwamba. Munthu wa m'mudzi amene anachula dzina la mnzake mfuti ili pakhosi sangafanane ndi bwana amene anasaina cikalata ali mu ofesi. Kawirikawiri timacita zosiyana: timasala mdzukulu wa kazitape wa m'mudzi pamaliro, bwana uja tikumuimirira pamsonkhano. Cacitatu, mbendera isasinthe cilango. Cimene tikucicha nkhanza cikacitidwa ndi mzungu, ticiche nkhanza cikacitidwa ndi mwana wa kwathu.

Dziko lililonse limafuna maso ndi makutu, ndipo zimene zakhala zikucitika ku Cabo Delgado kuyambira 2017 zikutikumbutsa zimenezo. N'cifukwa cake tiyenera kuumirira kuti nyumba ya malamulo izifunsa SISE za ndalama zake, ndi kuti mabuku a SNASP atsegulidwe mboni zikadali moyo. Akuluakulu anati mlandu suwola, koma amene anaona ndi maso akutha mmodzimmodzi, ndipo sitiyenera kudikira zaka 50 ngati a ku Wiriyamu.