Denga Likonzedwe, Nsanja Iyembekeze

Akulu a mpingo atiuza kuti afuna kufolera tchalitchi ndi malata atsopano, ndiponso kumanga nsanja ya belu. Za denga tivomereza, pakuti mvula imatinyowetsa ngakhale pa Mgonero. Koma nsanjayo tiikana.

Mu 2019 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linavomereza chipepeso cha marandi 5 biliyoni kwa odwala chifuwa cha fumbi la m'migodi ya golide. Komabe abale athu ena odwala ali gone m'zipinda, opanda wowachezera kapena wowalembera mapepala a Tshiamiso Trust. Ndalama za nsanja zilipirire mlaliki ulendo wokawaona ndi kukawalembera. Belu limaitana otha kuyenda okha. Akulu athu, mutiyankhe Sabata likudzali.