Mashahidi a ku Kastamonu: Kaundula wa Boma pa Sikelo ya Fiqh

M'chaka cha 1998, Unduna wa Zachitetezo wa dziko la Turkey unasindikiza mabuku asanu otchedwa Şehitlerimiz, kutanthauza kuti mashahidi athu. Mabukuwa amandandalika asilikali ofera kunkhondo potsata zigawo zomwe anachokera. Tikufuna tiunike ntchitoyi poyang'ana chigawo cha Kastamonu, kumpoto kwa Anatolia, pa nkhondo yomenyera ufulu ya 1919 mpaka 1923.

Ubwino wake ndi wosachita kufunsa. Asilikaliwa anamwalira lisanakhazikitsidwe lamulo la 1934 lokakamiza aliyense kukhala ndi dzina la banja. Choncho dzina la bambo, chaka chobadwa ndi malo ofera, zomwe kaundulayu wasunga, ndizo zokha zingathandize mdzukulu kupeza agogo ake pakati pa ma Mehmet ndi ma Hasan osawerengeka.

Koma wowerenga achenjere. Mabukuwa ali ndi ofera pa nkhondo zambiri, kotero ogwa ku Çanakkale mu 1915 asasakanizidwe ndi ogwa ku Sakarya mu 1921. Komanso Kastamonu wa nthawi ya ufumu wa Ottoman anali wamkulu kuposa wa lero, pakuti Sinop ndi Çankırı zinali mkati mwake. Kaundula wochokera m'mabuku a asilikali amaonanso munthu wa udindo ndi gulu lake basi. Nanga amayi aja ankanyamula zipolopolo pangolo za ng'ombe kuchokera padoko la İnebolu kulowera ku Ankara? Mbiri ya m'derali imasimba za Şerife Bacı, yemwe anafa ndi chisanu panjirayo mu Disembala 1921.

Nkhani yaikulu kwa ife ndi liwu lakuti shahidi. Mu Epulo 1920, Shaykh al-Islam wa ku Istanbul, Dürrizade Abdullah, anapereka fatwa yakuti omenyera ufulu ndi oukira Khalifa, ndipo wofa polimbana nawo ndiye shahidi. Mufti wa ku Ankara, Rifat Börekçi, anayankha ndi fatwa ina yomwe mamufti ambiri a ku Anatolia anasainira, yakuti Khalifa ali m'manja mwa adani ndipo kumenyana ndi olanda dziko ndi udindo. Mu Novembala chaka chomwecho, Mehmet Akif analalikira mu mzikiti wa Nasrullah ku Kastamonu kulimbikitsa anthu pa mbali ya Ankara. Mnyamata wa m'mudzi amene ananyamula mfuti anachita zimenezo mafatwa awiri akukokana. Mndandanda wa maina sungaonetse kulemera kwa chisankho chimenecho.

Maulama a Fiqh amasiyanitsa. Wophedwa pabwalo la nkhondo sasambitsidwa ndipo amaikidwa ndi zovala zake. A Hanafi, omwe ndiwo ambiri ku Turkey, amamswalira Janaza, pomwe a Shafi'i samswalira. Wofa ndi mliri kapena womira m'madzi amasambitsidwa ngati wina aliyense, ngakhale Hadith ikumulonjeza malipiro a shahidi. Ndipo Imam Bukhari anaika mutu m'buku lake wochenjeza za kugamula kuti wakutiwakuti ndi shahidi, chifukwa za mumtima amazidziwa ndi Allah yekha.

Choncho Şehitlerimiz tiwalandire ngati umboni wa mbiri wofunika kuwerengedwa pamodzi ndi mafatwa a 1920, osati ngati chigamulo cha Shariah. Ana a ku Kastamonu tiwapemphere chikhululuko ndi kuwayembekezera zabwino. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.