Za Mabuku Awiri a Nyanja ya Chilwa

Mwezi uno tifuna kuyesa mabuku awiri amene anthu ophunzira analemba za nyanja ya Chilwa. Pakuti ngakhale ali ochepa mwa ife amene adzawagwira m'manja, mau a m'menemo akhudza mphika wa munthu aliyense wokhala ku Swang'oma, ku Kachulu ndi pa chisumbu cha Chisi.

Loyamba linaturuka chaka cha 1979. Analisonkhanitsa Margaret Kalk ndi anzache awiri, McLachlan ndi Howard-Williams, ndipo ndilo chipatso cha ntchito imene aphunzitsi a Yunivesite ya Malawi anaiyamba mu 1966. Atangogwira zaka ziwiri, nyanja inaphwa pamaso pao mu 1968, naona ndi maso chimene nkhalamba zathu zinali kunena kale, kuti Chilwa amapita nabweranso.

Chifukwa chache achifotokoza bwino. Nyanjayi iribe mtsinje woturutsa madzi. Phalombe, Sombani, Thondwe, Likangala ndi Domasi zithiramo, koma dzuwa ndi mphepo ndizo zichotsa. Ndipo popeza nyanja njosaya, mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana madzi abwerera kutali, mchere uchuruka m'otsalawo, nsomba nizifa. Koma sizifa zonse ai. Matemba ndi milamba zithawira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo a njedza, ndipo madzi akabwera, zotsalazo ziswana ndi kudzazanso nyanja m'zaka zowerengeka. Ife tiyesa kuti mau awa ndiwo mtima wa buku lonse. Maiwe aja ali ngati nkhokwe ya mbeu. Mlimi aliyense adziwa kuti njala ikavuta akhoza kugulitsa mbuzi ndi njinga, koma akakazinga chimanga cha mbeu wadya ndi chaka chamawa chomwe. Momwemo nyanja itaphwanso mu 1995, ena anathira katupe m'maiwe kuti atole nsomba zambiri tsiku limodzi, kufikira mafumu ndi a boma oyang'anira za nsomba anapangana kuletsa mchitidwewo.

Lachiwiri linaturuka mu 2018, chaka chimene madzi anathawanso, mabwato nakhala pa matope ouma. Analisonkhanitsa Sosten Chiotha ndi anzache, ndipo lichokera ku ntchito yoyamba mu 2010 ndi thandizo la dziko la Norway. Tiliyamika pa ichi, kuti siliwerenga nsomba zokha, koma liona anthu: alimi a mpunga, amai oyanika matemba, ndi otema mitengo kumapiri, amene dothi la minda yao litsikira m'nyanja. Koma tiri ndi kanthu kotsutsa. Pa dzina la bukuli pali mau akuti kusintha kwa nyengo, ndipo sitikana kuti nyengo yasinthadi. Amene anaona namondwe Freddy mu Malichi 2023 kuno ku Phalombe safuna umboni wina. Koma mauwa pofika m'mudzi, atadutsa m'misonkhano yambiri, asanduka chopepesera. Munthu angoti, Ndi nyengo imeneyi, napinda manja, kapena natenga ukonde wa udzudzu kukakokola tiana ta nsomba pakamwa pa mtsinje. Aiwala kuti nyanjayi inaphwanso cha m'ma 1915, agogo athu ali ana, ndipo inachira chifukwa mbeu inatsala.

Tsono mlandu waukuru ugwera mabuku onse awiri pamodzi. Onse ali m'Chingerezi chovuta, anasindikizidwa ku Ulaya, ndipo mtengo wache ngwoti ngakhale mphunzitsi aukanda m'mutu. Kodi anapalasa bwato la ophunzirawo ndani? Anawauza maina a nsomba ndi kumene ziswanira ndani? Asodzi omwewo, amene kufikira lero sanamve m'chinenero chao chimene chinapezeka. Sitinena kuti ophunzira anaba nzeru, pakuti kuyesa madzi ndi mchere mwezi ndi mwezi kwa zaka khumi ndi ntchito yolemetsa, imene msodzi sakadaitha. Tingonena kuti ngongole yatsala yosabwezedwa.

Ndipo njira yofikira asodzi iripo. Kolera itabuka panyanja kumapeto a 2015, a zachipatala anafika mu 2016 kwa okhala m'zimbowera, nyumba zija zoyandama pakati pa madzi, nawamwetsa katemera woyamba, nawapatsa wachiwiri kuti akamwe okha tsiku lache litakwana. Ngati botolo la mankhwala linafika m'chimbowera, kabuku ka masamba 20 kakhoza kufikanso. Tipempha a ku Zomba atilembere kameneko m'Chinyanja ndi m'Chilomwe, kotchula maiwe a Phalombe ndi Sombani amodzi amodzi ndi maina ao, ndi miyezi yosayenera kuponyamo ukonde. Ife aphunzitsi tidzakawerenga ndi ana m'sukulu, ndi akuru pa bwalo la mfumu.